Kukulitsa luso lopanga mawebusaiti: njira zinayi, ndi momwe mungasankhire yanu

Januwale aliyense ndimalandira mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa achinyamata amene ndinawathandizapo kuyamba kulemba code. Ambiri amalemba zofanana: "Achimwene, chaka chino ndikufuna ndiidziwe JavaScript bwinobwino." Pofika nthawi yokolola chimanga, ambiri amakhala atasiya, n'kumadziimba mlandu kuti ndi aulesi. Si ulesi ayi. Vuto n'lakuti cholinga chotere chilibe tsiku limene munthu anganene kuti ndafika. JavaScript, chilankhulo cha code choyendetsera mawebusaiti, anaipanga Brendan Eich mu 1995, ndipo chaka ndi chaka amaiwonjezera zatsopano. Ngakhale amene aigwiritsa ntchito zaka 20 amatsegulabe MDN, tsamba lofotokoza zilankhulo zopangira mawebusaiti, kuti akumbukire zina.

Cholinga chimene chimamunyamula munthu ndi chimene angachiloze ndi chala, chokhala ndi tsiku lake. Mwachitsanzo: "Pofika pa 30 Juni ndikhale nditaika pa intaneti tsamba limene munthu angalembepo dzina ndi nambala ya foni, zimene walembazo n'kusungika mu database (nkhokwe ya pa kompyuta yosungira zolembedwa)." Tsikulo likafika, tsambalo lilipo kapena palibe, ndipo simungadzinamize. Koma cholinga chimayenda ndi njira imene mwasankha, ndipo njira zodziwika zilipo zinayi.

## Zimene ndayezera

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo sindikunena fizi yokha. Bandulo ndi ndalama, laputopu ndi ndalama, ndipo chilichonse cholipira m'madola chimatilemera kwambiri kuno, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kupeza khadi la kubanki lolola kulipira kunja ndi mutu winanso. Chachiwiri ndi kupezeka: kodi njirayo ingatheke kumene mukukhalako, ndi magetsi amene muli nawo, ndi netiweki ya kwanuko? Chachitatu ndi chisamaliro, kutanthauza zimene njirayo idzafune kwa inu sabata ndi sabata chidwi choyambira chikazirala. Chachinayi ndi zoopsa, pamene ambiri amagwera.

Laputopu ndiyo ikufunika m'njira zonse zinayi. Pa foni mutha kuwerenga ndi kuyesa timizere tingapo ta HTML, chilankhulo chomangira masamba a pa intaneti, koma ntchito yoti muonetse anthu simungaimalize pamenepo. Ya kaunjika yokhala ndi RAM ya 8GB ndi SSD ndi yokwanira ndithu. Pogula, funsitsani za batire kuposa za liwiro. Batire yosunga moto maola atatu ndiyo imasiyanitsa wophunzira amene amapitiriza magetsi akathima ndi amene amangokhala kudikira kuti ayake.

## Njira yoyamba: maphunziro aulere a pa intaneti

Pano ndikunena freeCodeCamp, The Odin Project ndi CS50 ya ku Harvard. Anthu amazitchula pamodzi ngati n'zofanana, koma zimasiyana kwambiri. freeCodeCamp, imene anaiyambitsa Quincy Larson mu 2014, imakupatsani kaphunziro kakafupi, mumalemba code mu browser momwemo, ndipo imakuuzani nthawi yomweyo ngati mwakhoza. The Odin Project sikugwirani dzanja choncho: imakuuzani kuti muike Git (yosunga mbiri ya zimene mwasintha mu code) ndi VS Code (yolembera code) pa kompyuta yanu, muwerenge zolemba za eni ake, kenako mupange chinthu nokha. Mukamaliza gawo la Foundations mumasankha pakati pa JavaScript ndi Ruby on Rails. CS50 ili ndi kosi ya mawebusaiti yophunzitsa Python, Django ndi JavaScript, koma imayembekezera kuti munalembapo kale mapulogalamu.

Mtengo. Maphunzirowo ndi aulere, ndalama zimapita ku bandulo. Apa m'pamene kusiyana kumaonekera. freeCodeCamp ndi Odin n'zowerenga kwambiri, choncho sizidya bandulo ngati mavidiyo. CS50 imadalira mavidiyo ataliatali, ndiye ndi bwino kuwatsitsa pamalo pamene pali Wi-Fi, kapena pa bandulo ya usiku, n'kumawaonera masana. Satifiketi yolipira ya edX, tsamba limene CS50 imapezekapo, musaivutikire. Amene akufuna kukulembani ntchito adzayang'ana zimene munapanga.

Kupezeka. Kulikonse kumene kuli netiweki. Zonse zili m'Chingerezi, ndipo Odin imafuna Chingerezi chowerenga ndime zitalizitali osatopa. Odin imafunanso Linux, Mac, kapena WSL2 (njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows), ndipo kuika zimenezi pa laputopu yakale kungakutengereni masiku awiri kapena atatu. Musakhumudwe nazo, ndi gawo la maphunzirowo. Ubwino wake n'kuti mukamaliza kuika, ntchito yambiri mumaigwirira pa kompyuta yanu popanda intaneti. Tsamba la DevDocs limalola kusunga zolemba za HTML, CSS (yokongoletsera tsamba) ndi JavaScript mu browser kuti muziwerenga netiweki ikachoka.

Chisamaliro. Palibe amene adzakufunseni ngati mwaphunzira lero. Ambiri amayesa #100DaysOfCode, imene anaiyambitsa Alexander Kallaway mu 2016: ola limodzi tsiku lililonse kwa masiku 100. Kwa ife kuno ndimaona kuti imagwetsa ulesi. Magetsi akathima masiku awiri, kapena kukagwa maliro kumudzi, mndandanda umaduka ndipo munthu amaona ngati zonse zapita m'madzi. Ndi bwino kuwerenga maola a pa sabata. Lonjezani maola asanu ndi atatu, kenako muziwapeza mmene sabatayo yakhalira.

Zoopsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lero React, mawa mwaona vidiyo yotamanda Vue, mkucha Flutter (zonsezi ndi zida zopangira mawebusaiti kapena ma app), ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi muli ndi makosi asanu oyamba, opanda ngakhale imodzi yomaliza. Choopsa chachiwiri n'chobisika: kutsatira mphunzitsi mzere ndi mzere kumamveka ngati mukudziwa, mpaka tsiku limene mwatsegula fayilo yopanda kanthu n'kusowa poyambira. Ndiye cholinga chanu chisakhale "kumaliza maphunziro 200". Chikhale chakuti mukamaliza gawo lililonse, mutseke phunzirolo n'kupanga kanthu kofanana nako kuchokera m'mutu.

## Njira yachiwiri: kupangira munthu weniweni chinthu chenicheni

Iyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Tsamba langa loyamba limene anthu anagwiritsadi ntchito ndinawapangira azakhali anga, amene amasoka zovala. Ankafuna malo oonetsa masitayilo a chitenje kuti asamatumize zithunzi zomwezomwezo kwa kasitomala aliyense. Ndinalikonza kwa milungu itatu, ndipo pa laputopu yanga linkaoneka bwino kwambiri. Nditapita kukawaonetsa, anaimitsa makina osokera, n'kutenga kafoni kawo kong'aluka galasi pakona. Tinadikira. Chithunzi choyamba chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ndipo chisanafike pakati anandibwezera foniyo n'kunena kuti, "Mwanangu, kasitomala sangadikire chonchi, komanso bandulo yanga ikutha." Zithunzi ndinali nditaziika mmene zinachokera mu kamera, chilichonse cholemera ma megabyte angapo. Batani la WhatsApp linali laling'ono moti chala chawo chinkaphonya.

Sabata imeneyo ndinaphunzira kuchepetsa zithunzi, kugwiritsa ntchito WebP (mtundu wa zithunzi zopepuka), kulemba CSS yoyambira pa sikirini yaing'ono, ndiponso kuyesa tsamba mu DevTools, zida zoyesera mawebusaiti za mu Chrome, nditachepetsa dala liwiro la netiweki. Zonsezi zinali m'makosi amene ndinawerengapo, koma sizinalowe mpaka nditaona nkhope ya azakhali akudikira chithunzi.

Mtengo. Ungathe kukhala wochepa kwambiri. Tsamba la HTML, CSS ndi JavaScript yokha mungaliike pa intaneti ulere pa GitHub Pages (gawo la GitHub, tsamba losungirapo code) kapena Netlify. Ndalama zimayamba mukafuna dzina lanulanu la webusaiti ndi seva yoyendetsa PHP kapena database, chifukwa GitHub Pages siyendetsa zimenezo. Dzina lothera ndi .com limalipidwa chaka ndi chaka, kawirikawiri m'madola. Lothera ndi .mw amaliyang'anira a Malawi SDNP. Satifiketi ya HTTPS, yoteteza mauthenga a pakati pa tsamba ndi olitsegula, musagule, Let's Encrypt imapereka ulere.

Kupezeka. Ntchito ili paliponse mukangotsegula maso: kwaya yofuna mndandanda wa nyimbo ndi masiku a mapulakatisi, banki m'khonde yofuna kuwerengera masheya ndi ngongole, sukulu yaing'ono yofuna tsamba la fizi ndi masiku otsegulira, hadiweya yofuna kudziwa matumba a simenti amene atsala. Sankhani munthu amene mumaonana naye kawirikawiri, woti angakuuzeni zoona osaopa kukukhumudwitsani.

Chisamaliro. Apa m'pamene ambiri sayembekezera. Webusaiti ili ngati dimba, siitha tsiku limene mwabzala. Dzina likatha chaka osalipiridwa, tsamba limazima. Ngati munagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, mapulagini ake (timapulogalamu towonjezera) amafuna kukonzedwa pafupipafupi, apo ayi akuba a pa intaneti amalowera pomwepo. Mwini wake adzakuimbirani Lamlungu madzulo kuti musinthe mtengo wa chinthu chimodzi. Gwirizanani poyamba kuti mudzalisamalira miyezi ingati, ndipo dzina la webusaiti lilembedwe mwa mwini bizinesiyo, osati mwa inu.

Zoopsa. Choyamba ndi kukula kwa ntchito. Mwayamba ndi masamba atatu, kenako akuti, "Tiikeponso polipirira ndi Airtel Money ndi Mpamba." Nkhani ya ndalama za anthu si yoyesererapo. Ngati simunaphunzire kuteteza ma password ndi kutseka mipata monga SQL injection (njira imene akuba amalowera mu database), kanani mwaulemu, muike nambala yolipirira basi. Chimodzimodzinso mayina, manambala ndi ngongole za anthu a banki m'khonde: zikatuluka, mlandu ndi wanu. Chachiwiri, njira imeneyi imasiya mipata m'chidziwitso. Mumaphunzira zokhazo zimene ntchitoyo yafuna, ndipo mungakhale zaka mukulemba code yosokonekera popanda wokuuzani. Chachitatu ndi chibale. Ntchito yaulere ya wachibale ikachedwa, nkhani imafika mpaka ku ukwati ndi kumaliro. Lembani pa pepala zimene mudzapange ndi zimene simudzapanga, ngakhale ali amalume anu.

Cholinga cha njira iyi chimadzilemba chokha: pofika tsiku lakuti, anthu asanu osakhala ine akhale atagwiritsa ntchito tsambali pa mafoni awo.

## Njira yachitatu: yunivesite, koleji ndi makosi aafupi

Mtengo. Iyi ndiyo yodula kuposa zonse, chifukwa pa fizi pamawonjezereka nyumba, chakudya ndi zaka zinayi za digiri. Osankhidwa kumayunivesite angapemphe ngongole ku bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira, ngakhale si onse amene amalandira. Chimene ophunzira ambiri amaiwala n'chakuti kukhala pasukulu kumatsegula GitHub Student Developer Pack, imene imapereka zida zina zolipira mwaulere.

Kupezeka. Maphunziro a makompyuta alipo ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, imene inali Polytechnic mpaka 2021, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University. Malo ndi ochepa ndipo pamafunika makilediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. NACIT ili ndi madipuloma ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Malo monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub amachititsa maphunziro aafupi nthawi ndi nthawi, ndipo muyenera kumatchera khutu chifukwa amayenda ndi nyengo.

Chisamaliro. Ndondomeko amakuikirani: makalasi, mayeso, masiku operekera ntchito. Kwa munthu amene amavutika kudzikakamiza, zimenezi ndi thandizo lalikulu. Mumapezanso anzanu oti mufunsane nawo usiku code ikakana, ndipo anzanu omwewo ndi amene adzakutsineni khutu za ntchito m'tsogolo.

Zoopsa. Digiri ya sayansi ya makompyuta imaphunzitsa maziko, monga ma algorithm, ma database ndi ma netiweki, ndipo maziko amenewa sakalamba. Koma za mawebusaiti ndi kagawo chabe, ndipo zimasintha msanga kuposa silabasi iliyonse padziko lapansi. N'zotheka kumaliza ndi magiredi abwino musanaikepo tsamba limodzi pa intaneti. Kumbali ya makosi aafupi olipira, samalani ndi aliyense wolonjeza ntchito pakatha milungu isanu ndi umodzi. Musanalipire, pemphani kuona mawebusaiti amene ophunzira akale anapanga, ndipo muwatsegule pa foni yanu pomwepo. Komabe tisanamizane: m'boma, m'mabanki ndi m'mabungwe ambiri, pepala limafunsidwabe musanaitanidwe n'komwe.

Ngati muli kale pasukulu, cholinga chanu chisathere pa kukhoza mayeso. Temu iliyonse, ntchito imodzi ya m'kalasi muimalize mpaka ikhale pa intaneti ndi pa GitHub yanu.

## Njira yachinayi: kuthandiza nawo mapulogalamu a open source

Awa ndi mapulogalamu amene code yake ili poyera, ndipo aliyense angapereke zokonza. Kwa ife si nkhani yakutali. DHIS2, yopangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo, ndi imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala. OpenMRS, yosungira mbiri ya odwala, yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za kuno ndi m'maiko ena a mu Africa. Zonse ziwiri zili pa GitHub, ndipo mbali zake zatsopano zooneka pa sikirini amazilemba ndi React.

Mtengo. Palibe cholipira, koma kutsitsa code ndi zonse zimene imadalira kumadya bandulo, ndipo mapulogalamu akuluakulu amalemetsa laputopu yofooka.

Kupezeka. Khomo n'lotseguka, koma si la oyamba kumene. Muyenera kudziwa Git, kuwerenga code ya anthu ena, ndi kufotokoza vuto m'Chingerezi cholembedwa bwino. Yambani ndi zimene azilemba kuti "good first issue", kutanthauza ntchito yoyenera ongolowa kumene.

Chisamaliro. Kuleza mtima. Mutumiza zokonza zanu lero, yankho lingabwere patatha milungu iwiri, likunena kuti musinthe malo asanu.

Zoopsa. Kudzudzulidwa poyera kumapweteka, ndipo ena amasiyira pomwepo. Koma n'chimene njira zina zija zilibe: katswiri amawerenga code yanu mzere ndi mzere n'kukuuzani pamene mwalakwa, popanda kumulipira. Choopsa china ndi kulowa chifukwa cha ndalama zokha. Google Summer of Code, ndondomeko ya Google yolowetsa anthu atsopano mu open source imene inayamba mu 2005, imalipira osankhidwa, ndipo OpenMRS yatengako mbali zaka zambiri, koma ofuna ndi ochuluka, ndipo kawirikawiri amasankha amene anayamba kale kuthandiza. Cholinga choyenera pano n'chaching'ono: zokonza zitatu zolandiridwa m'miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale ziwiri zikhale zokonza malangizo olembedwa.

Pali nkhani ina yokhudza njira zonsezi, ya ChatGPT ndi anzake. Ndi othandiza pomasulira uthenga wa error umene simukuumva. Koma mukamakopera code imene simungaifotokoze, tsamba limayenda inu osaphunzira kanthu, ndipo tsiku limene lidzaonongeke mudzasowa pogwira. Lamulo limene ndimapatsa amene ndimawathandiza n'lakuti yesani nokha mphindi 30 kaye, ndipo mzere uliwonse umene mwalandira muuwerenge mpaka mutha kuufotokozera mnzanu.

## Ndani atenge iti

Ngati mukuyamba kumene ndipo ndalama n'zochepa, tengani freeCodeCamp mpaka mutazolowera HTML ndi CSS, kenako mupange tsamba limodzi la munthu wapafupi musanapite ku JavaScript yozama. Ngati kwanu netiweki imabwera ndi kupita, The Odin Project ikuyenererani kuposa, chifukwa ntchito yambiri imachitikira pa kompyuta yanu. Mungopirira sabata yoyamba ija.

Ngati mwamaliza makosi angapo koma mumachita mantha mukatsegula fayilo yopanda kanthu, musayambenso kosi ina. Pitani ku njira yachiwiri mwezi uno, ndipo musankhe ntchito yaing'ono moti mungaimalize m'milungu inayi.

Amene mwangolemba MSCE n'kukhoza bwino, ndipo makolo angathe kapena ngongole yapezeka, pitani kuyunivesite, makamaka ngati maso anu ali pa ntchito za boma, mabanki kapena mabungwe. Pa tchuthi chilichonse muzipangira wina kanthu.

Amene muli kale pantchito ina, kaya uphunzitsi kaya za maakaunti, ndipo muli ndi madzulo okha, musasiye ntchito chifukwa cha kosi yaifupi. Yang'anani chimene chimakutayitsani nthawi kuntchito kwanuko, monga kuwonkhetsa malikisi kapena kulemba malisiti, chikhale ntchito yanu yophunzirirapo, ndipo CS50 kapena Odin izikupatsani maziko pambali. Mugwiritse ntchito mayina ongopeka poyeserera, osati a ana asukulu kapena makasitomala enieni.

Amene mwapanga kale mawebusaiti angapo olipidwa koma mukuona kuti mwaima pamodzi, chimene mukusowa ndi maso a munthu wodziwa kuposa inu. Sankhani pulogalamu imodzi ya open source, muiike pa kompyuta yanu kufikira itayenda, ndipo mwezi woyamba mungowerenga zokambirana zawo pa GitHub musanalembe mzere uliwonse.